Nkhope ya Abambo pa Posita ya Makuponi

Kawale, Lilongwe
Okutobala 2011

Alongo anga a Feggie,

Moni wochokera kuno ku Kawale ukupezeni nonse ku Wimbe. Kodi mukudzuka bwanji masiku ano? Mwendo wa amayi uja unaphwa, kapena akuukokabe popita kudimba? Nanga chifuwa cha abambo chikuwapatsako mpata? Ndinamva kwa a Dyna, aja amabwera kuno kudzagulitsa nyemba, kuti chitsime cha kudambo chauma, moti nazale ya fodya mukuthirira ndi madzi a pamjigo, kulimbirana ndi otunga akumwa. Pepani nalo dzuwali. Ine kuno ndili moyo. Ndikati ndili bwino ndinama, ndipo inu bodza langa mumalinunkhiza ngakhale lili papepala.

Kalatayi ndapatsira a Dyna omwewo, akukwera basi mawa m'mawa. Sindinafune kuimba pa foni ya alamu a Raymond, chifukwa foni imene ija imayankhidwira pa golosale, anthu onse makutu ali tcheru. Muiwerenge muli nokha. Ndipo chonde mufike nayo kumapeto musanayambe kundikalipira, pakuti ndikudziwa kuti mundikalipira ndithu.

Za m'tauni muno ndi zomwe mukumva pa wailesi. Mafuta akusowa, magalimoto akugona pamzere ngati anthu odikira chigayo. Minibasi ikapezeka, kondakitala amatchula mtengo umene wadzuka nawo tsiku limenelo. Ine kuntchito ndikupita wapansi, nsapato zatha kuchidendene. Magetsi amazima masana, makina osindikizira n'kuima, ife n'kumangoyang'anana. Maso anganso ayamba kuyabwa ndi kutuluka misozi ndikajambula nthawi yaitali. Kuchipatala anandipatsa mankhwala odontheza n'kundiuza kuti ndiziwapumitsa, ngati kuti maso a wojambula amapita kutchuthi. Koma zonsezi ndi zazing'ono. Chimene ndalembera kalatayi ndi china, ndipo chikukhudza dzina la abambo.

Kuti mumvetse, ndiyambire patali pang'ono. Mukukumbukira mmene ndinayambira ntchitoyi, kujambula mitu ya anthu pa makoma a malo ometera tsitsi pa boma la Kasungu. Inu munkaseka kuti mitu yanga yonse ndi maungu omera makutu. Nditabwera kuno n'kulembedwa pa kampani yosindikiza mabuku ndi maposita, mapepala aakulu aja amamatidwa m'zipatala ndi m'misika, ndinkadziona ngati katswiri wotheratu. Amene ananditsitsa ndi a Davison, bwana wanga, munthu wosadziwa kunyengerera. Chaka choyamba ndinajambula zithunzi za buku la ana a sukulu. Iwo anaziyala patebulo n'kundifunsa ngati anthu onsewo anabadwa kwa mayi mmodzi. Anati nkhope zanga ndi mabanzi a mu uvuni umodzi, zonenepa mofanana, zosekerera mofanana, ndipo palibe ndi imodzi yomwe imene inapsapo ndi dzuwa. Zinandiwawa, koma sananame. Ndinkakopera anthu a m'makalendala ndi m'mabuku akunja, kenaka n'kuwadetsa khungu, basi ndamaliza.

Kuyambira pamenepo, nthawi ya nkhomaliro ndinkapita ku depoti ya mabasi ndi pensulo. Ndinkajambula onyamula katundu, amayi ogulitsa chinangwa, ndi anthu ogona pa matumba awo podikira basi ya ku Dowa. Ena ankanditukwana, ena ankati ndine kazitape, mayi wina anandithamangitsa ndi chipande. Pang'onopang'ono ndinaona chinthu chimodzi. Ndikayamba ndi nkhope, dzanja langa limanama, limathamangira kukongoletsa. Koma ndikayamba ndi manja ndi mapazi, ming'alu ya kuchidendene ndi mitsempha ya pamkono, nkhope imabwera yokha, ndipo imakhala ya munthu weniweni. Penti wowala amene ndinkajambulira kale ndinamusiya. Ndinatsala ndi inki yakuda ndi kaburashi kamodzi kothetheka nsonga, kamene kamasiya mizere yokhakhala. A Davison anasiya kunditonza. Anthu obwera ndi ntchito anayamba kunena kuti zithunzi zawo ajambule Wyson. Ndinanyada, alongo, sindikubisirani. Kwa nthawi yoyamba ndinamva kuti dzanja ili ndi langa, osati lobwereka.

Kunyada komweko ndi kumene ndinabwera nako kumudzi mwezi wa Malichi, nthawi yosoka fodya. Mukukumbukira tsiku lija ndinapempha abambo kuti ndiwajambule? Inu munali pachigafa ndi amayi, mukupachika fodya pa mikangala. Abambo atamva, anadzuka. Anakasamba m'manja ndi sopo kuchotsa utomoni wa fodya, n'kutuluka atavala jekete yawo yakuda ya pa Mgonero, tayi ali pakhosi, tsitsi atapesa. Anakhala pampando ataongoka, manja pa mawondo, monga anthu amachitira kwa wojambula wa kamera.

Ine ndinawakaniza. Ndinati ndikuwafuna mmene analili pachigafa, ndi malaya ong'ambika paphewa aja ndi nsapato za matayala. Iwo anati chithunzi chimapita kumene mwini wake sadzafikako, ndipo munthu wamkulu saonekera kwa alendo atavala za kumunda. Ine ndinaseka. Ndinawauza kuti zimenezo ndi zachikale, kuti masiku ano chofunika ndi choona, ndi zina zambiri zimene ndinatola m'tauni muno. Abambo anaimirira. Kenaka anavula jekete ija, kuipinda bwinobwino, n'kupatsira amayi kuti akaibwezere m'sutikesi. Anavula chifukwa ndine mwana wawo wa m'tauni, amene anthu amati amadziwa zinthu.

Ndinajambula zonse, osasiya kanthu. Chala chija chinaphwanyidwa ndi jeke pomanga belo la fodya, chipsera cha pamwamba pa diso, kaimidwe kawo kopendekera kumanzere. Nditamaliza, amayi anati ndawakalambitsa amuna awo. Inu munati ndawajambula ngati akuchokera kuchipatala, ine n'kukuyankhani kuti za luso simuzidziwa, muzingosoka fodya wanuyo. Abambo eni ake anangoti chalacho ndachitha, n'kufunsa ngati sindingawonjezereko kolala pakhosi. Sindinawonjezere. Kwa ine chinali chithunzi choposa zonse zimene ndinajambulapo, ndipo ndinabwera nacho kuno nditachikutira m'pulasitiki kuopa mvula.

Mwezi wa Ogasiti kunabwera ntchito ya bungwe lina lothandiza alimi. Ankafuna posita yolangiza anthu kuti asamagulitse kwa mavenda makuponi awo ogulira feteleza wotsika mtengo. Anati pakhale alimi awiri. Kumanja akhale amene anagula feteleza ndi kuponi yake, nkhokwe itadzaza. Kumanzere akhale amene anaigulitsa, nkhokwe ili pululu. Mlimi wabwinoyo sindinavutike kumufuna. Ndani ku Wimbe konse amene amasamala kuponi ngati abambo, amene amaisunga m'Baibulo mpaka tsiku lopita ku depoti ya feteleza? Ndinawajambulanso kuchokera pa chithunzi cha pachigafa chija, ataima pambali pa nkhokwe yodzaza. Wogulitsa kuponi ndinangomupeka m'mutu, mnyamata wa masaya onenepa, wailesi paphewa, botolo m'manja. Mumtima ndinkati positayo ikatuluka ndidzabwera nayo ndekha kumudzi, abambo adzaone kuti dziko lonse likuphunzira ulimi kwa iwo. Sindinauze munthu aliyense kuntchito kuti mkuluyo ndi ndani, ndinkafuna zidzakhale zodzidzimutsa.

Nditapereka zithunzizo, a Davison ananditumiza ku Mchinji kukalemba chikwangwani cha sukulu ina. Ndili komweko, kuno kunabwera mayi Consolata, amene amayang'anira ntchitoyi ku bungwe lija, kudzaona zithunzi. Zimene zinachitika ndinazimva kwa mnzanga wa pa kompyuta. Akuti mayiwo atayang'ana anati wojambula wasokoneza, waika anthu m'malo olakwika. Anati mnyamata wonenepayo ndiye akuoneka kuti wakolola ndipo akudya, pamene mkulu wowondayo, wa malaya ong'ambika, aliyense akangomuona adziwa kuti pakhomo pake pali njala. Pa kompyuta kusuntha munthu si ntchito. Mnyamata uja anamuchotsa botolo n'kumugwiritsa chimanga chachikulu, n'kumuimika pa nkhokwe yodzaza. Abambo anawasamutsira ku nkhokwe yopanda kanthu.

Pobwera ku Mchinji ndinapeza maposita atasindikizidwa kale, atamangidwa m'mitolo yofika kudenga m'chipinda chosungira katundu. Ndinasolola imodzi ndikumwetulira. Alongo, abambo ali pamenepo, ndipo aliyense wa ku Wimbe angawazindikire ali patali. Pamwamba pawo pali mtanda wofiira, uja aphunzitsi amaika pa samu yolakwa. Pansi pawo alembapo mawu ngati otuluka pakamwa pawo, akuti anagulitsa kuponi yawo ndipo lero ana awo akugona ndi njala. Ndinangokhala pansi pa simenti.

Ndinapita kwa a Davison. Anandimvera chisoni, koma anati chithunzi chikagulidwa ndi cha wogula, angathe kuchitembenuza mmene akufunira. Anati wolakwa ndine posanena kuti mkuluyo ndi munthu wamoyo, ndipo madzi akatayika saoleka. Ndinauyamba wapansi wa ku ofesi ya bungwe lija. Mayi Consolata si munthu woipa, ndisawanamizire. Nditawauza kuti amenewo ndi bambo anga ondibala, mkulu wa mpingo, anagwira pakamwa. Anapepesa mobwerezabwereza. Koma anati kusindikizanso n'kosatheka, mvula ili pafupi, ndipo akuluakulu awo anavomereza kale positayo. Ena mwa iwo akuti anaiyamikira kuti nkhope ya mkuluyo ikugwira mtima. Taonani, kuyamikiridwa kumene ndinkakufuna zaka zonsezi kwandipeza.

Ndinapempha kuti mitolo ya ku Kasungu yokha isapite. Anati ayesa kulankhula ndi oyendetsa katundu. Dzulo ndinakafunsanso, n'kupeza kuti mitolo yonse yakwezedwa kale mu lole, ya Wimbe, ya Kaluluma, ya Nkhamenya ndi ya pa boma. Loleyo yaima pamzere wa dizilo. Akuti ikangomwa inyamuka, mwina Lolemba. Chibadwire sindinapemphererepo kuti mafuta asowe, koma sabata ino ndapemphera. Ndinaganizanso zoitsatira n'kumamatula mapepalawo kulikonse kumene amatidwa. Koma akamatidwa pa depoti iliyonse, pa chipatala, pa msika ndi pa mitengo ya m'mbali mwa msewu, ndipo amene angamatule posita ya makuponi nyengo ino angagone kupolisi.

Inu mukuwadziwa abambo kuposa ine. Alibe ng'ombe, alibe malata padenga la khitchini, fodya wa chaka chino anachita kubwerera ku okushoni asanagulidwe pa mtengo wachipongwe uja. Chimene ali nacho ndi dzina. Chaka chatha ndi iwo amene anaimirira m'tchalitchi n'kudzudzula amuna ogulitsa makuponi, kuti akulanda chakudya pakamwa pa ana awo. Ena mwa amuna aja mpaka lero sawapatsa moni. Tsopano amuna omwewo adzaima pamzere wa feteleza, n'kukweza maso, n'kupeza mkulu wa mpingo ali pakhoma ndi mtanda wofiira pamutu. Kwathu kuja palibe amene adzati n'chojambula chabe. Adzati a ku Lilongwe sangamate munthu pakhoma popanda umboni. Adzati amene wamuulula ndi mwana wake yemwe, nanga za m'nyumba angazidziwe ndani. A komiti yosankha olandira makuponi nawonso ali ndi maso, ndipo sindikudziwa ngati adzawakumbukire chaka chino. Koma ngakhale atalandira matumba awo, ine ndikuopa za Lamulungu, pamene adzayenera kuyenda pakati pa mipando kugawa Mgonero anthu akutsinana.

Ndinaganiza zokutumizirani chithunzi changa cha inki, chimene abambo aima pa nkhokwe yodzaza, kuti mukawaonetse zimene ine ndinkafuna. Ndinachitulutsa m'chikwama n'kuchiyang'anitsitsa. Sinditumiza. Chimene chikundidya mumtima n'chakuti mayi Consolata sananame, ndipo inunso tsiku lija simunaname. Ngakhale nkhokwe ili yodzaza pambali pawo, munthu amene ndinajambulayo ndi wanjala. Mafupa a pakhosi ali poyera, lamba wamangidwa pa bowo loboola ndi msomali, maso alowa m'kati. Ine ndakulira pamaso pa munthu ameneyu ndipo sindinazionepo zimenezi. Ndinkangoona bambo anga, mlimi wa fodya wodziwika. Dzanja langa linaziona n'kuzilemba zonse, mwini wakene ndikusangalala ndi kukongola kwa mizere. Fodya yemwe uja anandiphunzitsa sukulu ndi amene wawasiya chonchi, ndipo panafunika mlendo wa mu ofesi kuti andiuze. Abambo ankadziwa mmene akuonekera. N'chifukwa chake anathamangira jekete.

Kuntchito ndikupitabe, nanga ndidya chiyani. Sabata ino anandipatsa posita ya maneti a udzudzu. Ndinajambula banja lonse, bambo, mayi ndi ana, nkhope zosalala zosafanana ndi munthu aliyense amene ndinakumanapo naye. A Davison anaziyang'ana, n'kundiyang'ana ine. Ku depoti ya mabasi ndasiya kupita. Kaburashi kaja ndakaponya m'kabati, ndipo sindikudziwa ngati ndidzakatulutsanso. Ndikakumana ndi munthu wa nkhope yoti kale ndikanaithamangira ndi pensulo, ndimayang'ana kumbali.

Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi ndachiona chikubwera, ndiye ndati ndiimbe ine. Pempho langa ndi limodzi. Muwauze abambo inuyo, lole ija isanafike. Asakazione okha pa depoti pakati pa anthu, kapena kumva kwa odutsa pamsewu. Musankhe nthawi imene adya ndipo palibe alendo, amayi akhale pafupi. Muwauze zonse monga ndalembera, osandichepetsera mlandu. Muwauze kuti ine ndinawaika pa malo aulemu ndipo ena anawasuntha, koma amene anawajambula chonchija, atandichenjeza, ndine. Ngati aona kuti n'kwabwino kukauza abusa ndi akulu anzawo nkhani isanamveke, malume a Amosi angawaperekeze, poti iwo akalankhula anthu amamva.

Ndikudziwa kuti ndakusenzetsani katundu amene anayenera kukhala pamutu panga. Mufunsa kuti bwanji osabwera ndekha. Ndikanati ndi vuto la mabasi, koma a Dyna akukwera basi mawa lomweli, ndipo mpando wina ukanapezeka. Zoona zake n'zakuti ndikuchita mantha. Sindingathe kuyang'ana nkhope yawo pamene akumva zimenezi. Inu muli ndi mtima wolimba kuposa ine, munali nawo kuyambira tili ana, ndipo abambo amakumverani ngakhale atakwiya. Zimene adzayankhe mundiuze monga adzanenere, osathira shuga. Akadzati Khirisimasi ino ndisaponde pakhomo pawo, ndidzamva.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mwendowo asamaupanikize, kudimba kuzipita ena. A Dyna anyamula kasopo ndi kashuga kawo. Moni kwa alamu a Raymond, ndi kwa ana anu Olive ndi Tithokoze, alimbikire sukulu. Moni kwa malume a Amosi ndi a pabanja pawo onse, ndiponso kwa azakhali ku Kaluluma mukawaona pa msika.

Moni wa abambo ndausiya dala. Musawapatse kalatayi ikangofika, ngati kuti zonse zili bwino. Muyambe mwawauza nkhaniyi. Akamva, mukaona kuti angaulandire, muwauze kuti mwana wawo akupereka moni. Mukaona kuti sangaulandire, muusunge kaye inuyo.

Ndine mlongo wanu,
Wyson